Tsiku Limene Mlamu Wanga Anakwera Nane Guagua

1

Kwa zaka khumi ndi zinayi, akwawo kwa mwamuna wanga ankanditchula kuti woumira. Sindinakanepo. Dzinalo ndinkalinyamula mosangalala, chifukwa ndinkadziwa kuti pali dzina lina limene akanandipatsa akanadziwa zoona.

Ndine Belkis. Ndinakwatiwa ndi Radhamés, mwini golosale ya pakona ya msewu wathu ku Santiago, kumpoto kwa dziko lathu la Dominican Republic. Tili ndi mwana mmodzi, mtsikana, dzina lake Yanelis. Ine ndinkagulitsa ndolo ndi mikanda ya mwala wabuluu umene amakumba kumapiri a ku Barahona, kum'mwera. Pakatha miyezi iwiri iliyonse ndinkanyamula chikwama n'kupita kukaoda miyalayo.

Mabasi abwino alipo, ozizira m'kati, a mipando yotsamira. Radhamés analinso ndi galimoto. Koma ine ndinkakwera guagua, timinibasi tathu timene timaima paliponse pamene munthu watukula dzanja, ndipo ndikafika ndinkagona kunyumba ya alendo yotchipitsitsa.

"Belkis, kodi mwana wanga ndi wosauka?" apongozi anga, Doña Ercilia, anandifunsa Lamlungu lina tikudya kwawo. "Anthu akumakuona utapanikizana ndi nkhuku m'guagua. Akuti Radhamés akulephera kusamala mkazi."

"Nkhukuzo sizinandijomphepo, Doña," ndinayankha. "Basi yozizira ndi guagua zonse zimafika ku Barahona. Kungoti wa guagua amafika m'thumba muli kanthu."

Radhamés anaseka. "Musiyeni, amayi. Uyu ndalama ya peso akaigwira, imachita kutsanzika katatu isanachoke m'manja."

Onse anaseka kupatula Miguelina, mchemwali wake wamng'ono wa Radhamés. Iye ankangondiyang'ana.

"Mlamu, kugula miyala kumatenga masiku atatu?"

"Kugula sikuchedwa. Kumachedwa n'kusankha."

"Ulendo uno ndipita nawo. Ndatopa ndi mahotela a ku Puerto Plata. Akuti magombe a kum'mwera ndi okongola, ndiponso salipiritsa. Ndikufuna ndiulawe ulendo wanu wotchipawu."

Ndinadziwa chimene ankafuna kulawa. Ankafuna kuona mwamuna amene iye ndi amayi ake ankakhulupirira kuti ndimakagona naye. Kukana kukanakhala kuvomera mlandu.

"Tiye," ndinatero. "Koma nsapato zazitalizo uzisiye."

2

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa. Mpaka kulikulu zinthu zinali bwino. Mavuto a Miguelina anayamba pa guagua yachiwiri, yolowera kum'mwera. Mpando wa anthu atatu unali ndi anthu anayi, ndiye kondakitala anabweretsa kathabwa n'kukapingasa pampata wodutsira kuti pakhale wachisanu.

"Sunthani pang'ono, mfumukazi," anauza Miguelina. "Mwalipira malo amodzi koma mwakhala pawiri."

"Apa palibe malo, bambo. Yadzaza."

"Guagua sidzaza, mayi. Chimene chimachepa ndi chikondi."

Amene anakhala pakathabwako anali bambo wonyamula tambala m'thumba lansalu, mutu wokha uli kunja. Tambalayo anayang'anitsitsa ndolo za Miguelina ulendo wonse. Wailesi inkalira mpaka mawindo kunjenjemera. Thukuta la mayi wina linkatsikira pamkono wa mlamu wanga, ndipo iye ankandinong'oneza mano atalumana.

"Mumapirira zimenezi miyezi iwiri iliyonse? Payenera kukhala chokoma kwambiri kumene mumapitako."

"Chilipo," ndinatero.

Titadutsa ku Baní tayala linaphulika. Lina lapadera linalipo, koma nalonso linali lopanda mpweya. Kondakitala analikweza panjinga yamoto yodutsa n'kubwerera nalo kutauni. Tinatsala m'mbali mwa msewu, popanda mthunzi weniweni, kwa maola awiri.

Miguelina anayamba ndi kutukwana. Koma mayi wa thukuta uja anamasula dengu n'kuyamba kugawa mango. Nkhalamba ina inatulutsa fulasiki ya khofi ndi kakapu kamodzi kamene kanazungulira tonse. Bambo wa tambala anafotokoza mmene anachitira manyazi tsiku limene tambala wake anathawa ndewu n'kukabisala pansi pa siketi ya mkazi wa mdani wake. Ndinatembenuka n'kupeza mlamu wanga akuseka misozi, madzi a mango akuyenderera pabulauzi yake yodula.

"Anthu awa mumawadziwa, mlamu?"

"Ayi."

"Nanga akutipatsiranji zakudya zawo?"

"Dzuwa likutiwotcha tonse."

Izi n'zimene a basi yozizira sazidziwa. Ulendo wotchipa umaulipira ndi msana, thukuta ndi nthawi, ndipo sungalonjeze munthu ola limene ufike. Koma sukhala wekha, komanso palibe amakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani.

Cha ku Azua tinadutsa pachipata cha asilikali. Ife opita kum'mwera anangotikodola kuti tizipita. Mbali inayo anali ataimitsa guagua yopita kulikulu, n'kutsitsa anthu anayi akuda kwambiri kuti aonetse ziphaso, powaganizira kuti ndi ochokera ku Haiti, dziko lochita malire ndi lathu. Mmodzi anali mayi wachikulire, atafumbata kachikwama pamtima.

"Akuchita bwino," anatero Miguelina akupukuta pakamwa. "Anthu a ku Haiti amenewa atidzadzira dziko."

Ndinayang'ana kuwindo.

3

Nyumba ya alendo ya Doña Fefa ili kuseri kwa msika ku Barahona. Chipinda chake ndi bedi, fani, msomali wokolekapo zovala ndi ndowa. Doña Fefa atandiona anatambasula manja.

"Wafika, mwana wanga. Akhala akufunsa kuyambira sabata yatha kuti..."

"Uyu ndi mlamu wanga Miguelina," ndinamudula. "Mchemwali wa Radhamés."

Doña Fefa anatseka pakamwa ngati wameza ntchentche. Miguelina anamwetulira. Anali atamva zimene anabwerera.

Madzulo ake ndinamutengera kugombe kumene mtsinje wozizira umatsika m'phiri n'kukathira m'nyanja. Tinasamba pakati pa mabanja a kumeneko, tinadya nsomba yokazinga ndi nthochi zokazinga titakhala pamiyala, zonse pamtengo umene kuhotela sungagule nawo ngakhale botolo la madzi. Miguelina ankayang'ana mafunde.

"Ndakhala m'dziko lino zaka makumi atatu," anatero, "koma sindinkadziwa kuti kuli malo otere. Kuhotela amatiuza kuti kunja kwa mpanda n'koopsa."

Pa nthawi imeneyo ndinatsala pang'ono kumukonda. Ndinatsalanso pang'ono kumuuza.

Kutacha anadzuka nkhope itatupa. Magetsi anali atazima, fani n'kuima, udzudzu n'kuchita phwando. M'mpopi munalibe madzi. Anasamba ndi kapu, akung'ung'udza kuti m'chipinda choyandikana nacho munthu ankatsokomola ngati ali pabedi lathu.

"Lero ndikupita kumgodi," ndinamuuza. "Msewu wake ndi woipa, ukathyoka msana. Iwe bwerera kugombe lija."

"Chabwino, mlamu. Muyende bwino."

Anavomera msanga kwambiri. Ndinaziona, koma ndinalibe tsiku lina. Kunali munthu amene mapiritsi ake anali atatha.

4

Ndinagula mpunga, mafuta ophikira, sopo ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Sitinalowere kuphiri. Tinalowera m'minda ya nzimbe, msewu wafumbi wowongoka ngati chingwe, mpaka kumudzi wa odula nzimbe: mizere ya nyumba zazitali zogawidwa tizipinda, banja lililonse khomo limodzi.

Pakhomo lachisanu ndi chiwiri panali mayi wokalamba atakhala pampando wapulasitiki, akusenda nandolo. Miyendo yake inali itatupa kuposa mmene ndinaisiyira.

"Rosemène," anandiitana choncho m'chilankhulo cha ku Haiti, osadzuka. "Wawonda."

"Sindinawonde. Inu ndiye mwasiya kumwa mankhwala."

"Anatha. Ndimwe chiyani, botolo?"

Ndinawapatsa piritsi, ndinatunga madzi m'beseni, ndinagwada n'kuyamba kuwasisita mapazi. Ankandifunsa za Yanelis, ngati wakula, ngati tsitsi lake likadali lovuta kupesa. Ndinawaonetsa zithunzi pafoni. Anapsompsona galasi la foniyo monga ankachitira nthawi zonse.

Sindinamve njinga yachiwiri ikufika. Ndinangoona mthunzi pabeseni.

Miguelina anali ataima potero, foni ili m'mwamba. Anandidumpha n'kulowa m'kachipindako. Anasuntha nsalu yotchinga bedi, anasuzumira kuseri kwa chitseko, kenako anatuluka.

"Ali kuti mwamunayo?"

"Kuno kulibe mwamuna."

"Nanga mumadzatani kuno? Ndipo chilankhulo chimene mumalankhulacho mwachidziwira kuti?"

Kenako anayang'ana mayi wokalambayo. Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinaona nkhope yake ikusintha.

"Mayi uyu ndinamuonapo. Paukwati wanu. Anavala diresi loyera, anatsuka mbale kuseri kwa khitchini. Munati ankakuchapirani zovala muli mwana."

Ndinaimirira, manja akudontha madzi.

"Dzina lawo ndi Sainvilia," ndinatero. "Ndi amayi anga ondibereka."

5

Ndinabadwira m'kachipinda komweko. Bambo anga anali odula nzimbe ochokera ku Haiti, ndipo anamwalira ndili ndi zaka zisanu. Ana a m'mudzi umenewo analibe kalata yakubadwa, ndiye analibe sukulu yopitirira, analibe tsogolo lina koma chikwanje. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, amayi anandipereka kwa mphunzitsi wina wa ku Barahona amene analibe mwana. Iye anakandilembetsa ngati wake, n'kunditcha Belkis m'malo mwa Rosemène. Khungu langa linali loyererako, ndipo lilime la mwana silichedwa kusintha.

Mphunzitsiyo atamwalira ndinapita ku Santiago. Nditakumana ndi Radhamés ndinamuuza kuti ndine wamasiye. Ndinali nditamva kale mmene amayi ake ankalankhulira za anthu a ku Haiti, ndiye bodzalo linatuluka mosavuta.

Za ukwati wanga amayi anamvera kwa Doña Fefa, amene ankandidziwa kuyambira ndili mwana ku Barahona. Sindinawaitane. Koma iwo anasoketsa diresi loyera, anakwera ma guagua anayi, anadutsa zipata zonse za asilikali opanda chiphaso chilichonse, akupemphera chamumtima, kuti adzaone mwana wawo akukwatiwa. Anafika pageti phwando lili m'kati.

Doña Ercilia anandikoka pambali. "Uyu ndi ndani? Akuti akukudziwa."

Amayi anali ataima pafupi, akumwetulira. Ankamva zonse.

"Ankatichapira zovala," ndinatero.

Anawakhazika kuseri kwa khitchini. Atamaliza kudya anadzuka n'kuyamba kutsuka mbale za alendo, kuti bodza langa lioneke loona. Ananyamuka dzuwa lisanalowe, osatsanzika.

Panapita chaka chathunthu ndisanalimbe mtima kupita kukapepesa. Ndinagwada pakhomo lija ndikulira. Iwo anangondifunsa kuti, "Wadya?" Mpaka lero nkhani ya ukwati sanaitchulepo.

Bizinesi ya miyala ndinaiyamba chifukwa cha iwo. Guagua ndinkaikwera chifukwa cha iwo. M'basi yozizira mumakwera anthu a ku Santiago amene amakudziwa, pomwe m'guagua palibe amakuwerenga. Ndipo zimene ndinkapulumutsa pa basi ndi pa chipinda zinkasanduka mankhwala awo. Udzudzu wa kwa Doña Fefa unkandiluma ine kuti amayi anga akhale ndi moyo.

Zonsezi ndinamuuza Miguelina titaima padzuwa, akazi a m'nyumba zoyandikana ataima m'makomo mwawo. Sanandidule mawu. Nditamaliza anati:

"Ndiye kuti Yanelis ali ndi magazi a..."

"Maliza."

Amayi anasuntha mpando wawo n'kulankhula m'chilankhulo cha dziko lathu, Chisipanishi chawo chothyokathyoka. "Mlendo akhale pansi. Ndiphike khofi."

"Sindimwa," anatero Miguelina. Kenako anatembenukira kwa ine, ndipo kwa nthawi yoyamba sananditchule kuti mlamu. "Iwe, chithunzi ndatumiza kale kunyumba. Ndimaganiza kuti ndijambula chibwenzi. Bola chikanakhala chibwenzi."

6

Lolemba masana anandiitanitsa kwa Doña Ercilia. Ndinapeza apongozi pampando wawo wogwedezeka, Miguelina pambali pawo, Radhamés ataima pawindo. Yanelis, amene anali ndi zaka khumi ndi zitatu, anamuuza kuti akakhale kuchipinda. Chitseko chake sichinatsekeke bwino.

"Wadya nafe zaka khumi ndi zinayi ukutinamiza," anatero Doña Ercilia. "Chiphaso chako n'chabodza. Nditangopita ku ofesi n'kunena mawu amodzi, iwe ulibe dziko."

Zinali zoona. Ndinkadziwa anthu amene analandidwa ziphaso pa nkhani ngati yanga, anthu obadwira konkuno amene Haiti sanamuonepo ndi maso.

"Koma ndife akhristu," anapitiriza. "Chithunzicho chafika kwa achibale ambiri. Lamlungu likubwerali onse adzadya kuno. Udzawauza kuti ndi wochapa zovala uja, umakamuthandiza chifukwa cha chifundo. Ndipo kum'mwera sudzapitanso. Ukatero nkhani yatha, banja lako lilipo."

Ndinayang'ana Radhamés. Mwamuna ameneyu ndinkamukonda. Ankandiphikira tiyi wa mandimu ndikadwala, ankavina nane m'golosale makasitomala akuonerera.

"Iwe ukuti chiyani?" ndinamufunsa.

Sanachotse maso pawindo. "Ungonena zimenezo, Belkis, zithe. Ndi mawu chabe. Golosale ija imadalira anthu a m'dera lino, ukuwadziwa mmene alili. Mankhwala tizitumiza, palibe vuto."

"Ndi mawu chabe?"

"Unawanenapo kale. Chavuta n'chiyani lero?"

Pamenepo mantha amene ndinawasenza kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri anangotsika okha. Ndinakweza mawu dala, kuti adutse pachitseko chija.

"Inde, ndinawanenapo. Ndinakana amayi anga pamaso pawo, ndipo iwo anatsuka mbale zanu kuti anditeteze. Pa chimenecho ndine wolakwa, ndipo ndidzafa nacho. Koma ndinalakwira iwo, osati inu. Doña, Lamlungu ndibwera ngati mukufuna. Ndidzaimirira n'kuuza achibale anu onse kuti dzina langa ndi Rosemène, mwana wa Sainvilia, wobadwira m'minda ya nzimbe. Zina sindinena."

"Ukundiopseza m'nyumba mwanga?"

"Ayi. Ku ofesiko pitani. Koma mukakafika mukanenenso kuti mdzukulu wanu yekhayo, amene chithunzi chake chili pakhoma apo, ndi mdzukulunso wa Sainvilia. Nkhani yanga siyenda yokha."

Mpando unasiya kugwedezeka. Miguelina anayang'ana pansi.

"Tuluka," anatero Doña Ercilia.

Ndinadikira pang'ono, kuti mwina Radhamés atembenuka. Sanatembenuke.

7

Doña Ercilia ku ofesi sanapite. Sichinali chikondi, anali manyazi, koma ndinawalandira momwemo. Mpaka lero ndikaona yunifolomu ya msilikali ndimaopa, ndipo sindikudziwa ngati tsiku lina chiphaso changa sichidzafunsidwa.

Ndinasamukira kum'mwera. Ndinagulitsa miyala yonse imene ndinali nayo n'kuchita lendi nyumba yakale ya zipinda zinayi m'mbali mwa msewu wa kugombe. Chipinda chimodzi ndi cha ine ndi amayi. Zitatu ndi za alendo oyenda motchipa, achinyamata a zikwama zakumsana ndi mabanja a kulikulu amene mahotela sangawakwanitse. Madzi amavuta, magetsi amazima, ndipo ndimawauziratu asanalipire. Ena amachoka kutacha akudandaula. Ena amabwera masiku awiri n'kukhala sabata.

Radhamés anabwera kawiri kudzandipempha kuti ndibwerere. Kawiri konse anaimika galimoto kutsidya la msewu n'kundiitana ndi hutala, kuti asapereke moni pakhonde. Kawiri konse ndinamuuza kuti khomo la nyumba yanga limadutsira pakhondepo. Kachitatu sanabwere.

Chimene chinandipweteka ndi Yanelis. Anatsala ndi bambo ake chifukwa cha sukulu, ndipo kwa miyezi isanu sankayankha foni yanga. Ndinkaganiza kuti akuchita manyazi ndi magazi ake. Tchuthi chachikulu chitafika, ndinangoona akutsika pamsewu ndi kachikwama, yekha, nkhope ili gwa.

"Sindinakukhululukireni, amayi," anatero asanalowe n'komwe. "Zaka zonsezi ndinali ndi agogo ena, inu n'kundibisira. Munandibera."

"Ndinakubera," ndinavomera.

Anandidutsa n'kupita pakhonde. Anaima patsogolo pa amayi, osadziwa chochita ndi manja ake. Analibe chilankhulo chofanana chokwanira. Amayi anamugwira tsitsi, analipapasa, n'kupukusa mutu.

"Rosemène, bweretsa chipeso," anatero. "Mwanayu akhala akumupesa anthu osadziwa."

Inu owerenga, ena mwa inu mukuti ndinaphwasula banja chifukwa cha mwano, kuti mkazi wanzeru akananena mawu awiri aja Lamlungu n'kusunga zonse. Ena mukuti wabodza ngati ine sayenera kudzitama. Ndiweruzeni pa tsiku la ukwati wanga, ndidzaweramitsa mutu. Koma pa Lolemba lija sindipepesa kwa wina aliyense, ngakhale linandidyera mwamuna, nyumba ndi dzina labwino. Banja limene mtengo wake ndi kukana amene anakubereka ndi lodula kwambiri, ndipo ine ndinalilipira nthawi yaitali kuposa mmene ndinayenera.

Mukadzafuna kuona kum'mwera kwathu koma m'thumba muli mochepa, bwerani. Mudzatenge mankhwala a udzudzu ndi mtima woleza. Mukadzafika, pakhonde mudzapeza mayi wokalamba wakuda, miyendo yotupa, akusenda nandolo. Musadzamudutse pofunafuna mwini nyumba. Mudzayambe mwamupatsa moni. Ndi amayi anga.